Kandulo ya a Gwanda

A Amos Gwanda anabwera mu Lilongwe kuchokera ku Ntcheu m'chaka cha 1981 ali ndi cholinga chimodzi: kukhala mesenjala wa boma, wa yunifomu ya khaki ndi njinga ya belu. Ku maofesi anawalandira bwino ndithu. Anawauza kuti abwere mawa, ndipo iwo, poti anali munthu womvera, anabwera mawa kwa miyezi isanu ndi itatu. Nsapato zitatha, mnzawo wa ku Mulanje dzina lake Alexander, yemwe ankachita naye lendi mumpanda umodzi ku Chinsapo, anawapatsa piki n'kuwauza kuti ntchito ya m'tauni imene siuza munthu kuti abwere mawa ndi yokumba maenje basi.

Anayamba ndi maenje a zimbudzi, monga amayambira akatswiri ambiri. Patapita zaka ziwiri anakwezedwa pantchito, kutanthauza kuti anayamba kutsika pansi kwambiri, mpaka pamene pali madzi. Pofika 2008 anali atakumba zitsime zoposa mazana awiri, ku Chinsapo, ku Mgona, ku Area 36, ngakhale m'mipanda ya ku Area 47 kumene madzi a m'mipope amapita kutchuthi osatsanzika. Komabe mukanafunsa anthu a ku Chinsapo kuti munthu wofunika m'dera lawo ndani, akanakulozerani mwini golosale wa pamsewu, amene ntchito yake yaikulu inali kukhala pampando. Sitingawadzudzule. Munthu wogwira ntchito pansi pa nthaka amaoneka chipewa chokha m'mawa, madzulo n'kutuluka ali matope okhaokha, ndipo palibe amene pomwa tiyi amakumbuka kuti madzi ake anayamba awaponda ndi munthu ameneyo.

A Gwanda anali ndi chizolowezi chimene chinkatopetsa eni zitsime. M'mawa uliwonse, asanaponde m'dzenje, ankayatsa kandulo, kuiika m'chitini chobooledwa m'mbali, n'kuitsitsa ndi chingwe pang'onopang'ono mpaka pansi penipeni. Kenako ankagona chafufumimba m'mphepete, maso ali pa lawi. Likayaka bwino, ankatsika. Likafooka kapena kuzima, ankathyola nthambi ya mango ya masamba ambiri, kuimanga kuchingwe, n'kumaitsitsa ndi kuikweza, kuitsitsa ndi kuikweza, mpaka mpweya woipa utuluke. Nthawi zina zimenezi zinkadya m'mawa wonse, mwini chitsime ali chiimire, akuyang'ana wotchi ngati kuti wotsika ndi iyeyo.

Kale iwo ndi Alexander kandulo ankaitsitsa akakumbukira. Tsiku lina mu Okutobala wa 1994, ku Area 36, anafika pantchito ataiwala kandulo kunyumba. Alexander anati, "Dzulo tinali momwemu, chasintha n'chiyani?" Anatsika akuimba mluzu. Atafika pansi anatsamira khoma ngati munthu wotopa, mluzu n'kutha. A Gwanda anaitana, anagwedeza chingwe, anaitananso. Pamene anthu ankamutulutsa ndi ngowe, dzuwa linali pamutu. Kuyambira tsiku limenelo a Gwanda ankatha kuchoka pakhomo osadya kanthu, koma osati opanda kandulo.

Mwa ana awo asanu, amene anafika ku koleji anali mmodzi, chitsirizira, Chisankho, yemwe ankaphunzira za nthaka ndi madzi pa koleji ina kunja kwa tauni. M'chaka cha 2008 kunafika mphunzitsi wongobwera kumene kuchokera kunja, mutu uli wodzaza nzeru zatsopano zomwe zinali zisanaombedwe ndi dzuwa la kuno. Iye anati watopa kuchonga mapepala omwe mathero ake ndi kukulungira usipa pamsika. Analamula kuti wophunzira aliyense atenge nkhani imodzi ya sayansi mu insaikulopediya ya pa intaneti, buku lija limene aliyense angathe kulembamo, aikonze ndi kuiwonjezera. Malikisi adzatengera zimene zidzakhale zikadalipo patsambalo teremu ikamatha. Anzake a Chisankho anapatsidwa mitu yolemera, ya maina ovuta kutchula. Iye anapatsidwa zitsime zokumba pamanja. Mwana anayenda ulendo wonse wa sukulu kuyambira sitandade wani kuti akathere m'dzenje la bambo ake.

Loweruka lina anabwera kunyumba ndi mapepala, napeza a Gwanda ali pakhonde akukwecha zidendene ndi mwala. Anawafotokozera za ntchitoyo.

"Bukulo lili kuti?" anafunsa a Gwanda.

"Lili mu kompyuta, Ababa. Dziko lonse limawerenga."

"Analilemba ndani?"

"Aliyense amene akufuna."

"Aliyense? Ngakhale aja amagona m'ngalande pa bala paja?"

"Akakhala ndi intaneti, eya."

"Ndiye limenelo si buku, mwana wanga. Ndi khoma la chimbudzi cha pa depoti."

Chisankho anaseka, n'kuyamba kuwawerengera zimene zinalipo kale, akumasulira m'Chichewa. Munali za kuya kwa zitsime, za njerwa zomangira m'mbali, za zitsime zakale za m'maiko amene a Gwanda ankangowamva m'Baibulo. Iwo ankavomera ndi mutu, mwala uli m'manja. Mwana atasiya kuwerenga, anati apitirize.

"Zathera pomwepa."

"Za mpweya woipa?"

"Palibe."

"Kandulo?"

"Palibe, Ababa."

A Gwanda anaika mwala pansi. Phazi limodzi linali loyera, lina la matope.

"Ndiye munthu wa dziko lina awerenge zimenezi, atenge piki, atsike?" Sanadikire yankho. "Ukalembe. Ukalembe kuti kandulo itsike kaye."

Lolemba anavala jekete la kutchalitchi, nakwera minibasi ndi mwana wawo kupita ku Biwi, ku intaneti khefi ya mayi wina dzina lake Mabel. Munali makompyuta anayi, amoyo atatu. Tsamba linkatseguka ngati mkamwini pamaso pa apongozi, mwamanyazi, pang'ono pang'ono, nthawi zina n'kubwerera pakhomo. Chisankho analemba mizere iwiri ya Chingerezi: kuti wokumba asanatsike atsitse lawi mpaka pansi, ndipo likazima asalowe. A Gwanda Chingerezi chawo chinathera pa moni, koma anauza mwana kuti aloze ndi chala pamene pali mawuwo, ndipo anapayang'ana ngati akuona chithunzi cha m'bale wawo. Pobwerera anauza kondakitala, anauza mayi wa nkhuku amene anakhala naye mpando umodzi, anauzanso nkhukuyo poti inkaoneka kuti ikumvetsera. Pofika madzulo Chinsapo yense ankadziwa kuti a Gwanda alowa mu kompyuta.

Anakhalamo masiku atatu.

Loweruka lotsatira Chisankho anafika nkhope ili yakugwa. Mizere ija inali itafufutidwa ndi munthu wina wosadziwika nkhope kapena dziko, amene dzina lake la pa intaneti, kulimasulira, linali Kadzidzi wa Kumpoto. Anasiya kachifukwa kakafupi: palibe umboni.

"Umboni wanji?" anatero a Gwanda. "Umboni ndine."

"Amafuna cholembedwa, Ababa. Kuti munthu wina athe kukaona kumene mawuwo achokera."

"Achokera kumanda a ku Area 36. Apite akaone, ndimuperekeza."

Amayi Dorica, akazi awo, amene ankagulitsa tomato pakhomo ndi kupereka maganizo mwaulere, analowererapo ali kuseri kwa benchi yawo. "Bambo a Chisankho, zaka zonsezi mwakhala mukulowa m'maenje osathamangitsidwa ndi munthu. Mwangolowa mwa azungu sabata imodzi, akutulutsani. Bwererani kwanu kumatope."

"Iwe gulitsa tomato."

"Ndikugulitsa. Ine wanga safufutidwa."

A Gwanda sanakwiye nthawi yaitali, chifukwa mawu akuti cholembedwa anali atawatsegula maso. Dziko lawo ankalidziwa bwino. Muno chinthu sichikhala choona mpaka chitadindidwa. Iwo eni anabadwa mu 1958, koma boma linavomera kuti anabadwadi patapita zaka makumi awiri, kalata ya chidindo itafika. Alexander naye anamwalira Lachiwiri, koma anamwalira mwalamulo Lachisanu, mwini chidindo atabwera kuchokera kumudzi. Ngati a Kadzidzi ankafuna umboni, bwenzi atangonena poyamba pomwe kuti akufuna chidindo, m'malo mozungulira.

Anapita kwa Mabel kukatayipitsa kalata. Inayamba ndi mawu akuti kwa amene zikumukhudza, ndipo inachitira umboni kuti Bambo Amos Gwanda, mkulu wa mpingo, ndi munthu wosamwa mowa, wa mkazi mmodzi, ndiponso kuti zimene akunena za kandulo ndi zoona. Anaitengera kwa mlembi wa mpingo, a Geoffrey, omwe anaiwerenga kawiri, magalasi ali pamphuno, n'kufunsa ngati dzina la mpingo lidzamveke kunja. Atamva kuti dziko lonse liwerenga, anatulutsa chidindo m'kathumba ka nsalu, anachipumira kawiri, n'kuchikanikiza ndi manja onse awiri ngati akupha nsikidzi. Tcheyamani wa msika anadindanso chake, mozondoka, koma anati zilibe kanthu poti azungu amadziwa kutembenuza pepala. A komiti ya maliro atamva kuti anzawo adinda, anadandaula kuti asiyidwa, ndiye nawonso anadinda. Kulikonse kumene kalatayo inadutsa, a Gwanda ankafotokoza nkhani yonse kuyambira pachiyambi, mwakuti panalibenso munthu ku Chinsapo wosadziwa kuti tsamba la zitsime ndi lawo. Pomaliza Mabel anaimata pulasitiki kuti isanyowe popita kunja.

Chisankho ataiona anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Ankadziwa mathero ake, koma bambo ake anaigwira ndi manja awiri, ndipo pali zinthu zimene mwana wa ku koleji sanena kwa munthu amene anamulipirira sukulu ndi piki. Anaijambula pamakina, nalemba uthenga kwa a Kadzidzi, pa tsamba lokambiranapo alembi a bukulo.

Yankho linabwera m'mawa mwake, laulemu kwambiri. A Kadzidzi anathokoza. Anati bambowo akuoneka kuti ndi munthu wodziwa ntchito yake, ndipo iwo sakukayika kuti akunena zoona. Koma lamulo la bukulo ndi lakuti mawu achokere m'buku kapena m'lipoti losindikizidwa, osati m'kalata ya munthu, ngakhale itakhala ndi zidindo zokongola chotani.

"Wati akukhulupirira kuti ndikunena zoona?" anafunsa a Gwanda.

"Eya."

"Koma salola kuti zilembedwe."

"Eya."

"Zidindo zitatu?"

"Wati n'zokongola."

A Gwanda anapukusa mutu, chisoni chawagwira chifukwa cha munthuyo. "Kwawoko dziko amaliyendetsa bwanji?"

Kunatsala masabata awiri kuti teremu ithe. Chisankho anali atawonjezera zina patsambalo, za mitundu ya dothi ndi za kutalikitsa chitsime ndi chimbudzi, zonse zotengedwa m'mabuku, ndipo zinakhala osagwedezeka. Za malikisi analibenso nkhawa. Koma Loweruka lililonse akafika pakhomo, bambo ake asanayankhe n'komwe moni ankafunsa kuti, "Yalowa?" Ndiye anayamba kudya nkhomaliro yake mu laibulale, akufufuza mashelefu a kumapeto kumene kumasungidwa malipoti a mabungwe omwe anabwera, anathandiza, n'kupita. Tsiku lachisanu anapeza lipoti la chikuto chobiriwira, la mu 1991, lonena za zitsime zimene bungwe lina linakumbitsa ku Dedza. Mlembi wake anali R. Thornley. Pa tsamba 43 panali kandulo.

Anabwera nalo kunyumba atalikulunga m'nsalu. A Gwanda atangomva za Dedza ndi chakacho, anawomba m'manja.

"A Chipewa! Amenewo ndi a Chipewa. Tinawakumbira miyezi inayi, ine ndi Alexander. Mzungu wamtali, chipewa ngati lichero. Ankaima mapazi asanu kuchokera padzenje, ati mutu umazungulira. Alemba zotani?"

Chisankho anawerenga gawo loyamba lokha, lakuti okumba a m'deralo amatsitsa kandulo yoyaka asanalowe m'chitsime, ndipo lawi limaonetsa ngati muli mpweya woipa. Zotsatira anazimeza. Lolemba analembanso mizere iwiri ija, n'kuika kanambala kakang'ono kumapeto kolozera ku dzina la Thornley. A Kadzidzi, poti anali munthu wosamala, anapempha kuti awakopere ndime yonse kuti aone okha. Chisankho anakopera yonse, chifukwa kumeneko kubisa theka la ndime ndi mlandu.

Mizere ija sinafufutidwe. A Kadzidzi anathokozanso, ndipo pofuna kuthandiza anawonjezera mzere wachitatu, wotengedwa m'ndime yomweyo.

Tsoka linali lakuti woyamba kuuona anali Mabel, amene anali atazolowera kutsegula tsambalo m'mawa uliwonse ngati nkhani za maliro pawailesi. Anauwerenga mokweza, akumasulira, pamaso pa makasitomala, ndipo mmodzi wa iwo anali mlamu wa a Geoffrey. Pamene a Gwanda ankafika ku Biwi masana ndi jekete lawo, nkhani inali itawadutsa panjira, ikupita ku Chinsapo.

Anakhala pampando wa pulasitiki pafupi ndi mwana wawo. "Werenga zonse," anatero. "Usadumphe ngati tsiku lija. Ndinakuona."

Chisankho anawerenga maso ali pa kompyuta. Mzere wachitatu unkati, malinga ndi Thornley, okumba a ku Malawi amachita zimenezi pofuna kupempha chilolezo kwa mizimu ya pansi pa nthaka, ndipo ubwino wa mwambowu pa nkhani ya mpweya amaupeza mosadziwa.

Mabel anayamba kupukuta tebulo loyera kale.

"Mosadziwa," anatero a Gwanda. Kenako anaseka, kuseka kwa munthu amene wapunthwa pa chitsa chimene anadula yekha. "Ndi Alexander ameneyo. Mzungu anatifunsa kuti kandulo n'njachiyani. Ine ndinayankha kuti ndi ya mpweya. Anangoti oo, cholembera osagwedezeka. Mawa lake anafunsanso, ngati kuti yankho lija linali losapsa. Alexander anatopa naye, n'kumuuza kuti timapempha kwa mizimu. Ukanaona cholembera mmene chinathamangira! Masamba awiri. Anatigulira ndi Fanta tsiku limenelo."

"Ndiye ndi bodza, Ababa. Ndiwauza a Kadzidzi kuti ndi bodza."

"Umboni uli nawo?"

Chisankho anapukusa mutu.

"Bodza lili m'buku," anatero a Gwanda. "Choona chili mwa ine. Wapambana ndani?"

Mabel analephera kupirira. "Koma bambo, ku mpingo zikakuvutani. Mkulu wa mpingo kupempha kwa mizimu? A Geoffrey anadinda kalata yanu ija ndi dzanja lawo. Mlamu wawo watuluka muno ngati wapsa ndi moto."

"Dzina langa lilipo pamenepo?"

"Palibe," anatero Chisankho. "Angoti okumba."

"Kunja ndine okumba. Kuno ndine Gwanda, ndipo ndinauza aliyense ndi pakamwa panga." Anadzikanda m'chibwano. "Ndinauza ndi nkhuku yomwe."

Chisankho anawafotokozera mmene zinthu zinalili. Mzere wa mizimu sakanatha kuuchotsa wokha, poti unachokera m'lipoti lomwelo limene linkachirikiza mizere yawo. Akanauchotsa, a Kadzidzi akanaubwezera mwaulemu. Chimene akanatha ndi kunena kuti lipotilo ndi losadalirika, zonse zitatu zichoke, tsamba libwerere mmene linalili, lopanda mizimu ndi lopanda kandulo. Akatero a Gwanda akanapita kwa a Geoffrey n'kunena kuti kunali kulakwitsa kwa makina, ndipo nkhani ikanafa isanafike Lamulungu.

"Malikisi ako?"

"Sakhudzidwa kwenikweni. Nkhani ndi yanu, Ababa. Nenani, ndichotse pompano."

Dzanja lake linali kale pa kompyuta. A Gwanda anayang'ana mizere itatuyo, imene sankatha kuiwerenga, kwa nthawi yaitali mwakuti galasi linada lokha, Chisankho n'kugwedeza mausi kuti liwalenso. Anaganiza za mpando wawo wa kutsogolo m'tchalitchi, umene anaukhalira zaka khumi ndi zinayi, ndi za maso a amayi a chigwirizano, amene saiwala kanthu mpaka munthu ataikidwa m'manda.

"Loza woyamba," anatero.

Chisankho analoza.

"Umenewo ukuti chiyani?"

"Kuti lawi litsike mpaka pansi munthu asanalowe."

"Wachiwiri?"

"Kuti likazima asalowe."

"Mizimu ili kumapeto?"

"Kumapeto."

A Gwanda anadzuka, nakonza jekete lawo. "Munthu wa piki m'manja sawerenga mpaka kumapeto. Usiye."

Lamulungu limenelo a Geoffrey anawapatsa moni wa nsonga za zala. Lachitatu a Gwanda anaitanidwa ku bwalo la akulu a mpingo, kumene anafotokoza za Dedza, za a Chipewa ndi za Fanta kwa maola awiri. Akuluwo anamvetsera mwachifundo, ndipo ambiri anati akuwakhulupirira ndithu. Koma poti nkhaniyo inali yolembedwa, m'Chingerezi, ndiponso dziko lonse linali litaiwerenga, anagamula kuti a Gwanda ayambe apuma pa udindo kwa miyezi itatu, akhale kumbuyo, mpingo uone kaye. A Gwanda anavomera osatsutsa. Anangopempha kuti benchi ya kumbuyoyo ikhale ya pafupi ndi zenera, poti iwo malo opanda mpweya amawaopa.